Kodi phungu tinamutuma chiyani ku Lilongwe?

Anaphiri a pa Limbuli: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Ine ndadzuka ndi mkwiyo. Dzulo ndimachokera kopikula nanazi kumtunda, kufika pakamtsinje kathu kaja madzi ali m'chiuno. Dengu pamutu, chitenje ndapindira m'mwamba, anyamata aima pagombe akuti tikuwolotseni mayi, faifi handiredi. Popita faifi handiredi, pobwera faifi handiredi, nanga phindu la nanazi litsala pati? Mlatho uja unapita ndi Freddy mu 2023. Tinagonekapo tokha mitengo iwiri ya bulugama, nayonso yakokoloka ndi mvula ya sabata yatha. Phungu ali kuti? Tinamuvotera kuti azikatani?

Wakabaza pa Chitakale: Mtima pansi mayi, abwera 2030 ndi zitenje zatsopano. Muzidzawolokera zomwezo.

Make Mapasa: Inu musamangonyoza. Apongozi anga atamwalira ku Queens, amene anatumiza galimoto kukatenga thupi ndi phungu yemweyo. Bokosi anagula ndi iye. Abale enieni mafoni anali ozima. Ine sindingamunene.

Aphunzitsi Opuma: Make Mapasa, zimene anakuchitiranizo ndi zabwino, ndipo Mulungu amudalitse. Koma ndifunse funso limodzi pagulu lonse lino. Ndani mwa ife anatsegulapo buku la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino n'kuwerenga pamene akunena za ntchito ya phungu? Ine ndili nalo pano, lachikale ndithu, chikuto chinachoka, njenjete zinadya ngodya. Ndalisanthula kambirimbiri. Mulibe bokosi la maliro. Mulibe fizi ya ana. Ngakhale mlatho wa Anaphiri mulibe.

Anaphiri a pa Limbuli: Ndiye muli chiyani bambo? Malipiro awo okha?

Aphunzitsi Opuma: Kuli mwana wa mlongo wanga pagulu pano amene akuphunzira zamalamulo ku Zomba. Iwe, tafotokoza, ine maso anatha, kulemba pafoni kumandivuta.

Wa ku Chanco: Ndabwera amalume. Ndinali m'kalasi. Mayi Anaphiri, nkhani imayambira pa gawo 48. Limanena kuti mphamvu zonse zopanga malamulo m'dziko muno zili m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Kenako gawo 66 limatchula ntchito za aphungu: kulandira bilu yochokera kuboma, kuikonza, kuivomera kapena kuikana. Phungu payekha atha kubweretsanso bilu yakeyake. Atha kukambirana nkhani iliyonse yokhudza dziko n'kuivotera, mpaka nkhani yochotsa Pulezidenti pampando. Ndiye ntchito yake yeniyeni ndi pakamwa ndi voti, m'nyumba ija ku Lilongwe.

Wakabaza pa Chitakale: Pakamwa ndi voti basi? Ndiye ine ndi njinga yangayi ndimagwira ntchito kuposa iwo.

Wa ku Chanco: Achimwene dikirani ndifike pa ndalama, mumva kuwawa. Gawo 171 likuti palibe msonkho uliwonse umene ungaikidwe kapena kutoleredwa popanda lamulo. Mayunitsi mwagula kuti muwerenge uthenga unowa, muli msonkho. Petulo mumathira m'njinga yanuyo, pa lita iliyonse pali kandalama kamene kamapita kuthumba lokonzera misewu. Zonsezo zimaima pa malamulo amene anadutsa m'nyumba imeneyo. Ndalama zikalowa m'thumba lalikulu la boma sizituluka mwachisawawa, aphungu ayenera kuvomereza kaye bajeti. Ngongole nayo chimodzimodzi, gawo 180 likuti boma likongole pokhapokha pali lamulo lololeza. Mumamva pawailesi kuti lero aphungu avomereza bilu yoti boma likongole ndalama kubanki yakuti? N'zimenezo. Ngongole imeneyo adzabweza ndi mapasa a Make Mapasa.

Kapitawo wa ku Thyolo: Apo mwandikhudza. Ine ndimayang'anira othyola tiyi, ndipo kutha kwa mwezi kulikonse pepala la malipiro likabwera anthu amathamangira kwa ine. Akapitawo, awa adula apa ndi a chiyani? Ndimawauza kuti ndi msonkho, iwo amaganiza kuti akalaliki akuba. Chaka china anakweza malire a ndalama zosadulidwa msonkho, anthu anasangalala n'kumathokoza abwana. Ine ndinawauza kuti abwana sanachitepo kanthu apa, zachokera ku Lilongwe. Sanandikhulupirire.

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Ndikuwerenga ndili pa shifiti. Achemwali a ku Chanco, zimene mukunenazi ndi za m'buku. Ine chibadwire sindinamvepo kuti phungu wathu waimirira n'kunena kuti msonkho uwu utsike. Nduna ikawerenga bajeti, a mbali ya boma amamenya matebulo, otsutsa amakuwiza, pakatha masabata angapo yadutsa. Nyumba imeneyo ndi chidindo chabe.

Wa ku Chanco: Pang'ono mukunena zoona, ndipo chifukwa chake chili m'buku momwemo. Gawo 57 linawamanga manja aphungu pa nkhani ya ndalama. Bilu yokhudza msonkho kapena yotulutsa ndalama m'thumba la boma singakambidwe pokhapokha nduna ya zachuma itavomereza polemba. Ndiye phungu wa kwathu sangadzuke m'mawa n'kubweretsa bilu yoti boma lipereke ndalama za mlatho wa pa Limbuli. Chimene angathe n'kufunsa nduna poyera, kukakamira m'makomiti, ndi kukana kuvotera bajeti ngati sakukhutira nayo. Kuyambitsa sangathe, koma kutseka chitseko angathe.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo anatsekapo. Iwe wa ku Joni unali wamng'ono mu 2007. Nthawi imeneyo chaka cha boma chinkayamba pa 1 July. July anafika, bajeti kulibe. August anadutsa, bajeti kulibe. Otsutsa, amene anali ochuluka m'nyumbamo, anati sitikambirana za ndalama mpaka Sipikala atachotsa aphungu amene anasamukira kuchipani cha boma. Malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kwathu konkuno ku Thyolo, anali atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri anamutsatira. Bajeti inadzadutsa mu September. Ife aphunzitsi tinkagona ndi wailesi kukhutu, kuopa kuti malipiro aima, alimi akuopa kuti makuponi a feteleza safika. Chaka chotsatira nkhondo yomweyo inabwereranso. Chidindo sichichita zimenezo mwana wanga.

Make Mapasa: Nanga boma linkayenda bwanji opanda bajeti?

Wa ku Chanco: Pali kachitseko kakang'ono pa gawo 178. Aphungu atha kuloleza nduna ya zachuma kuti igwiritse ntchito ndalama zongoyendetsera boma kwa miyezi yosaposa inayi podikira bajeti. Ikatha miyezi inayiyo, basi.

Wakabaza pa Chitakale: Ndiye sekishoni 65 ija ndi nkhani ya aphungu osamuka chipaniyi? Ine ndinkaimva ndili mwana, ndinkayesa ndi dzina la ndende.

Aphunzitsi Opuma: Ha ha, ndende ayi. Imanena kuti phungu amene anasankhidwa ali m'chipani china, akachoka n'kukalowa chipani china chimene chili m'nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli pululu, kuchitike chisankho chachibwereza. Pepala likutero. Koma tawerengani aphungu amene anasamuka zipani kuyambira 1994, muwerengenso amene anachotsedwa. Sipikala akati agwire ntchito, mawa lake wina wabwera ndi chiletso cha kukhoti. Mphamvu ilipo, koma ili ngati khasu lopachika kudenga.

Koma chimene chimandiwawa ine si 65. Ndi mnzake woyandikana naye, 64. M'malamulo a 1994 munali ndime yopatsa ife anthu mphamvu yoitanitsa phungu wathu ngati sakutitumikira, asanathe zaka zake zisanu. Mu 1995 aphungu anakhala pansi n'kuichotsa. Chaka chimodzi chokha. M'buku langali pa 64 palembedwa kuti inafafanizidwa, mzere umodzi, kenako 65.

Anaphiri a pa Limbuli: Iii! Ndiye kuti mbuzi inadzimasula yokha chingwe?

Wa ku Joni: Anaphiri mwandiseketsa mpaka abwana andiyang'ana.

Wa ku Chanco: Si chingwe chimodzi chokha mayi. Malamulo omwewo anakonza zoti kukhale nyumba ziwiri, ya aphungu ndi ina yotchedwa Senate, mmene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, kuti iziunikanso zimene aphungu apanga. Sinakhazikitsidwe n'komwe, ndipo mu 2001 anaichotsa m'malamulo. Mphamvu yosintha malamulo aakuluwa ndi imene ili yoopsa kwambiri mwa zonse. Gawo 197 likuti pakufunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Pali ndime zina zotetezedwa, monga za ufulu wachibadwidwe, zimene gawo 196 limati mukafuna kusintha tanthauzo lake mukafunse kaye anthu pa riferendamu.

Aphunzitsi Opuma: Magawo awiri mwa atatu amenewo anatipulumutsapo. July 2002, bilu yoti Pulezidenti aziima kopanda malire, nthawi ya a Bakili Muluzi. Ndinali m'sitafu rumu, wailesi tayiika patebulo pakati pa makope a ana, palibe amene anapita kukaphunzitsa. Ovomera anali 125. Anaperewera atatu okha. Atatu! Ndimaganiza nthawi zina kuti mwa amene anakanawo munali aphungu amene kwawo sanagulepo bokosi ngakhale limodzi, ndipo mwina anagwa pachisankho cha 2004 chifukwa cha kuuma manja. Koma tsiku limenelo anagwira ntchito imene tinawatuma.

Make Mapasa: Bambo aphunzitsi, ndikumva. Koma inu muli ndi penshoni. Ine maliro atandigwera usiku sindingaimbire gawo 197 kuti libweretse galimoto.

Kapitawo wa ku Thyolo: Apo Make Mapasa wanena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu sapempha bokosi chifukwa cha umbuli ayi, amapempha chifukwa alibe.

Wa ku Chanco: Sindikutsutsa akapitawo. Koma tadzifunseni chifukwa chimene ambulansi ya pachipatala chathu imakhalira yopanda mafuta, mpaka tizikagogoda kwa phungu. Ndalama za mafuta amenewo zimadutsa mu bajeti imene iye amavotera. Komiti yoona momwe ndalama za boma zayendera, PAC ija, ndi ya aphungu, ndipo malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma amakatulidwa kwa iwo. Gawo 60 limawapatsa mphamvu yofufuza ndi kuitanitsa munthu aliyense kuti adzayankhe. Akanamagwira zolimba kumeneko, mwina galimoto yake sitikanamaifuna kawirikawiri.

Khansala Wakale: Ndakhala ndikungowerenga, tsopano ndilankhule. Nkhani ya mlatho ndi yathu ife a khonsolo. Njira yake ndi iyi: mudzi ukhale pansi ndi komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, nkhani ipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa a T/A, kenako ikalowe m'ndondomeko ya khonsolo ya boma. Chimene chinasokoneza mitu ya anthu ndi thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu. Chibwerereni thumba limenelo, phungu anasanduka kontilakita. Iye asankhe pomanga, iye asankhe womanga, chikwangwani chikhale cha dzina lake. Ine zaka zanga zisanu ndinkangoitanidwa kudzaombera m'manja tsiku lotsegulira. Ndiye anthu alakwa chiyani akamafunsa phungu za mlatho? Anawaphunzitsa ndi aphungu omwewo.

Wa ku Chanco: Ndipo mu 2025 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa nawo thumba limeneli, chifukwa sungakhale wogwiritsa ntchito ndalama n'kukhalanso wofunsa momwe zayendera.

Wakabaza pa Chitakale: A khansala, inuyo mukanapatsidwa thumbalo mukanatani? Musatinamize pano, tikukudziwani, munamanga ya malata chaka chachiwiri.

Admin: Achimwene a kabaza, nkhani ikhale pa mutu. Za nyumba za anthu ayi. Chenjezo loyamba.

Khansala Wakale: Musiyeni, malata anga ndi a nandolo, aliyense akudziwa.

Wa ku Joni: Funso langa ndi ili. Kuno ku South Africa Pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu, ndipo atha kumuchotsa pongovota kuti alibe naye chikhulupiriro. Kwathu zimatheka?

Wa ku Chanco: Kwathu n'zosiyana chifukwa Pulezidenti timasankha tokha mwachindunji. Aphungu sangamuchotse chifukwa chongotopa naye. Gawo 86 limafuna kuti akhale ataphwanya kwambiri malamulo aakulu kapena malamulo ena a dziko, ndipo pamafunika magawo awiri mwa atatu pomuimba mlandu, magawo awiri mwa atatu pomupeza wolakwa. Sizinachitikepo. Koma pali zina zimene angachite. Gawo 89 limawalola kumuitana kuti adzayankhe mafunso m'nyumbamo, monga anachitira a Lazarus Chakwera mu 2020. Pa maudindo ena Pulezidenti amasankha koma aphungu ndiwo amatsimikiza. Jaji wamkulu amafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo ndipo akuvota. Mkulu wa apolisi amafunika oposa theka.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo anakanapo. Mayi Mary Nangwale, mayi woyamba kusankhidwa kukhala mkulu wa apolisi, aphungu anawakana mu 2005. Kaya chinali chilungamo kaya ndale, aliyense ali ndi maganizo ake, ine ndimaona kuti anawalakwira. Chaka chomwecho mkangano wofuna kuchotsa Pulezidenti unatentha mpaka Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka ali pampando, n'kudzamwalira patapita masiku ochepa. Nyumba imeneyo si yamasewera.

Kapitawo wa ku Thyolo: Nanga nduna? Nazonso amatsimikiza?

Wa ku Chanco: Ayi, nduna Pulezidenti amasankha yekha. Ndipo poti phungu atha kukhalanso nduna, apa ndi pamene pamafookera nyumbayi. Munthu amene akuyembekeza galimoto ya mbendera sangafunse mafunso owawa.

Anaphiri a pa Limbuli: Mwati mbendera mwandikumbutsa. Paja inasintha ija n'kubwereranso, anali aphungu omwewa?

Aphunzitsi Opuma: Omwewo mayi. Mu 2010 anavomereza dzuwa lathunthu loyera, mu 2012 anabwezeretsa dzuwa lotuluka lija. Nyumba imodzimodziyo, anthu ambiri omwewo, chimene chinasintha ndi wokhala ku State House basi. Kusukulu tinagula mbendera kawiri, ana tinawaphunzitsa tanthauzo la mitundu kawiri.

Make Mapasa: Ndiye mukutsimikiza zomwe amanena wa ku Joni zija, chidindo.

Wa ku Chanco: Nthawi zina inde. Koma mu 2017 nyumba yomweyo inasintha malamulo aakulu kuti mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, n'kutseka mpata umene unkalola makolo kukwatitsa mtsikana wa zaka 15. Mafumu amene akuthetsa maukwati a ana lero ali ndi poimira. Mapasa anuwo ndi atsikana, si choncho?

Make Mapasa: Mmodzi mtsikana. Ali sitandade 6. Izo ndiye sindinkadziwa kuti zinachokera kumeneko, ndinkayesa ndi za mabungwe.

Kapitawo wa ku Thyolo: Ine nkhani yanga ndi malo. Tonse tikudziwa mmene tikukhalira kuno. Ukaima pamsewu wa ku Makwasa, maso onse ndi tiyi wobiriwira mpaka kuphiri, koma kumudzi munthu akulima kandime kosakwana theka la ekala, ana asanu, ena akukwera mpaka m'mapiri kukatema. Ine tiyi ndi amene amandidyetsa, sindinganene kuti azulidwe. Koma malamulo a malo anapangidwa mu 2016, anawakonzanso mu 2022, ndipo ine sindikudziwa kuti phungu wa dera langa analankhulapo chiyani. Ngati pali dera limene phungu wake amayenera kutuluka thukuta tsiku limenelo, ndi Thyolo ndi Mulanje. Pamsonkhano uliwonse timamufunsa za mipira ndi mayunifomu a timu. Za malo palibe anafunsapo. Inenso sindinafunse.

Wa ku Chanco: Zimene phungu aliyense walankhula zimalembedwa liwu ndi liwu m'buku lotchedwa Hansard. Ndikapeza mpata ku laibulale ndikayang'ana masiku amene ankakambirana za malo, ndidzajambule masamba ake ndiponye pano.

Wa ku Joni: Chitani zimenezo achemwali, bandulo ndikutumizirani ine. Koma mwina mukapeza kuti dzina lake mulibemo n'komwe.

Wakabaza pa Chitakale: Funso lomaliza ine ndipite, kasitomala akundidikira pa depoti. Aphungu akavomereza, Pulezidenti n'kukana kusaina, wapambana ndani?

Wa ku Chanco: Gawo 73. Pulezidenti ali ndi masiku 21 oti asaine kapena akane. Akakana amaibweza kwa Sipikala ndi zifukwa zake. Aphungu amadikira masiku 21, ndipo akaivomerezanso isanathe miyezi itatu, Pulezidenti ayenera kusaina, safunsidwanso maganizo. Mu 2020 a Peter Mutharika anakana kusaina mabilu a zisankho amene anabwera khoti litafafaniza chisankho cha 2019, ngati mukukumbukira. Ndiye pa pepala, mawu omaliza ndi a aphungu. Koma pamwamba pa onsewo pali gawo 5: lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo aakulu ndi lopanda ntchito, ndipo makhoti ndi amene amanena zimenezo.

Anaphiri a pa Limbuli: Chabwino, ndaphunzira. Aphungu tsopano alipo 229, aliyense ndi voti yake, ndamva. Koma mawa Lachinayi ndi tsiku langa lopikula, ndipo madzi aja sanaphwe. A khansala, VDC mukunenayo imakumana liti?

Khansala Wakale: Funsani kwa a gulupu, koma musapite nokha. Tengani amayi anzanu a nanazi, mulembe kalata, musunge kope lanu. Ikafika ku ADC mundiuze, ndikudziwa pogogoda. Pakadali pano ndili ndi mabulugama atatu kumunda kwanga, anyamata akapezeka Loweruka akadule.

Wakabaza pa Chitakale: Anyamata a faifi handiredi aja sabwera, mukuwaphera bizinesi.

Admin: Pepani ndidule nkhani. Uthenga wangofika kumene kuchokera kwa a mfumu. Agogo aja ankagulitsa kalongonda pafupi ndi chigayo atisiya m'mawa uno kuchipatala cha boma. Thupi likadali komweko, abale akusowa galimoto.

Make Mapasa: Mayo ine, agogo aja. Mzimu wawo uuse mumtendere. Nambala ya phungu ndili nayo, ndiponye pano?

Admin: Pagulu ayi, nditumizireni kumbali.

Aphunzitsi Opuma: Ambuye awalandire. Ine ndiponyapo faifi sauzande ya mafuta, ndipatseni nambala yotumizira.

Anaphiri a pa Limbuli: Mukamamuimbira mumuuze kuti galimoto ikathera kutsidya. Manda a kwawo ali mbali ino ya mtsinje, bokosi tidzawolotsa pamapewa.